Wikendi ya awiri imene anatigulira bambo anu

Tadala, chotsa foniyo pamphuno pangapa, ndaona. Ndaona chigudumu, ndaona nyali, ndaona anthu awiri akumwetulirana ngati awalipira. Ukuti iwe ndi mnyamata wako wa ndolo uja mukufuna kupita kumeneko wikendi ikubwerayi, mukakwere zinthu zozunguza mutu, mukaonere zaluso, madzulo mukadye moyang'anizana ndi kandulo pakati. Pitani, ine sindiletsa munthu kutaya nthawi yake. Koma musamandiuze ngati ndi zachilendo, chifukwa malo amenewo ine ndinapondako kale ndi agogo anu aamuna, iwe uli ku sekondale, Yamikani uyu akadali wa mamina. Yamikani, tsitsa TV imeneyo ukhale pansi. Ukafuna kundiyankha m'Chingerezi chako chotafunacho yankha, koma makutu ako amamva Chichewa, ndikudziwa.

Inu munauzidwa kuti ulendowo unali mphatso yokumbukira tsiku la ukwati wathu. Ndi zimene ananena bambo anu, Chifundo, atabwera kuno ku Maryhill ndi mayi anu, onse awiri akumwetulira mopitirira muyezo. Ine munthu akamandimwetulira chotero ndimayamba kuyang'ana kumene wabisa mpeni.

Chaka chimenecho ndi pamene mutu wa agogo anu unayamba kutayikira. Poyamba zinali zazing'ono. Ketulo ndinaipeza mufiriji. Tsiku lina anavala tayi bwinobwino, natuluka, ndipo ndinakawapeza m'mbali mwa ngalande iyi akufunsa anthu oyendetsa agalu njira ya kusiteshoni ya Balaka. Bambo anu atamva, anayamba nyimbo yawo.

"Mami, tiganizire za keya homu. Simungakwanitse nokha."

Keya homu akuuza ine! Ine amene ndinabwera dziko la azungu lino kudzagwira ntchito m'nyumba zimenezo, ndikusambitsa agogo a eni ake mpaka msana wanga unapindika. Sindikunena kuti ogwira ntchito kumeneko ndi oipa mtima, ayi, ambiri ndi ana abwino. Koma amathamanga, ndipo amasinthana. Wokudzutsa ndi wina, wokudyetsa ndi wina, wokugoneka ndi wina, aliyense akukutchula dzina lako loyamba ngati munakulira limodzi. Ndinkaona nkhalamba zikulowa zikuyankhula, pakapita miyezi zangokhala duu pawindo. Ndinati amuna anga a Mbewe kumeneko sapita ine ndili moyo.

Ndiye pamene anabwera ndi mphatso yawoyo, ndinafunsa mosapita m'mbali kuti kumbuyo kwake kuli chiyani. Bambo anu anakanda m'mutu.

"Mami, tingoona basi. Mukapita n'kubwera bwinobwino, nkhani ya keya homu tiisiya kaye. Koma zikakavuta kumeneko, musadzakanenso. Ndabukitsa kale zonse, hotelo, matikiti, dina ya madzulo, inu mungonyamuka."

Mwamva? Sinali mphatso, anali mayeso. Ndikalephera, mwamuna wanga amuchotsa m'nyumba muno. Ndinavomera chifukwa kukana kukanakhala kulephera ndisanayambe n'komwe.

Ana inu simudziwa kuti kale mwamuna ndi mkazi sankangonyamuka opanda chifukwa. Ulendo unali wa kumaliro, wa kuchipatala, wa kuukwati, kapena wokaona wodwala. Ukanauza apongozi ako kuti tikupita kukapuma awiriwiri, akanakufunsa kuti mwatopa ndi chiyani, munda uli ndi udzu ofika m'chiuno. Ine ndi agogo anu tinayendapo kamodzi kokha ulendo wopanda ntchito, titangokwatirana. Anandikweza pa kaliyala wa njinga mpaka pa boma la Ntcheu kukaona chionetsero cha zaulimi. Tinaona maungu aakulu ngati mtondo ndi ng'ombe yamphongo imene inapambana, kenako anandilowetsa mu tiirumu nandigulira sikono ndi tiyi wamkaka. Sikonoyo sindinaimalize, theka ndinamanga pa nsonga ya chitenje kukapatsa amayi. Pobwerera tayala linaphwa, tinayenda wapansi, iwo kutsogolo akukankha njinga, ine kumbuyo. Palibe amene anatijambula, koma mpaka lero fungo la sikono imeneyo ndimalimva.

Kutatsala tsiku limodzi, mayi anu anabwera kudzandilongedzera chikwama, ngati ine sindinalongedzepo chikwama chiyambire. Anaikamo diresi lofiira lothina m'chiuno, nsapato za gogoda, lipisitiki, ndi wigi yonyezimira yofika m'mapewa.

"Amayi, ku dina kuja ndi kwapamwamba. Duku ndi chitenje musiye kuchipinda, mukatchene kuti adadi akagwenso m'chikondi."

Mpongozi sumukanira pamaso. Ndinathokoza. Atangotuluka ndinatsegula chikwama china n'kuikamo zinthu zenizeni: mbatata yophika, mazira owiritsa, mtedza wokazinga ndi fulasiki ya tiyi. Munthu wanzeru sayenda opanda kamba. Inu mumanyamuka ndi foni ndi kakhadi basi, njala ikakupezani mumayamba kudinadina pagalasi ngati nkhuku yojompha.

Tinakwera sitima pa siteshoni ya Partick. Musitima agogo anu anali munthu wina, maso ali gwa, msana uli chilili. Paja iwo anagwira ntchito ya ugadi wa sitima moyo wawo wonse, kuchokera ku Limbe kudutsa Balaka mpaka ku Salima, wezulo pakhosi, mbendera m'manja. Anayamba kundifotokozera masiteshoni onse motsatana osaphonya ngakhale imodzi, munthu amene m'mawa womwewo anaiwala kumene kuli bafa. Sitima za kwathu zinali ndi moyo, ana inu. Ikaima pa Balaka, amayi ankathamangira m'mawindo ndi malichero a nthochi, chimanga chootcha, nsomba zowamba, wina akukweza mbuzi, wina akutsanzikana ndi mudzi wonse. Za kunozi aliyense wakhala ngati akupita kukaweruzidwa, zomvera m'makutu, kuopa kuti mnzake angamupatse moni.

Mayeso oyamba anatipeza pageti penipeni pa paki ya zosangalatsa ija. Kamnyamata kovala jekete yowala kanatsegula chikwama changa, n'kuona mazira, n'kunena mwaulemu kuti chakudya chochokera kunja sichilowa. Kanandilozera bini. Bini! Mazira amene ndawiritsa ndekha, ndiwataye kuti ndikagule soseji yawo yodula m'katimo. Ndinagwira agogo anu pamkono, tinakhala pa benchi pafupi ndi geti, ndipo tinadya zonse, mbatata, mazira, mpaka tiyi womaliza, anthu akutidutsa n'kumatiyang'ana. Mtedza wokha ndinauthira m'thumba la chikhothi, poti m'thumba sanafunsemo. Tinalowa m'pakimo mimba zili ndendende, ndipo ndikuuzeni, si mmene munthu ayenera kulowera malo amene chilichonse chimazungulira.

Koma zimene ndinaona m'menemo! Anthu akuluakulu, ena a imvi, ataima pamzere wautali ngati wa feteleza wa makuponi, kudikira kuti awamangirire pampando, awakweze m'mwamba, awazondotse, akuwe ngati akuphedwa, kenako atsike akuseka, ena akusanza. Kwathu munthu akafuna mantha ankangodutsa kumanda dzuwa litapendeka, kwaulere. Ndinaona bambo wandevu, mimba kutsogolo, atakwera kavalo wa pulasitiki, akuzungulira ndi kanyimbo ka ana, mkazi wake akumujambula monyadira. Ndinaona atsikana akudya thonje la shuga lalikulu kuposa mitu yawo. Ife katungwe tinkamanga tokha ndi luzi pa mtengo wa mango, ndipo ukangotha msinkhu unkamusiyira ang'ono ako.

Agogo anu anaima nthawi yaitali akuyang'ana chisitima chozondoka chija. Anatsatira njanji yake ndi maso, kukwera, kutsika, kupindika, mpaka pamene inabwerera.

"Nangozo, sitima imeneyi ikupita kuti?"

"Sipita kulikonse, bambo a Chifundo. Imabwerera pomwe yachokera."

"Ndiye anthuwa akwereranji?"

Tinakwera chigudumu chachikulu chija chokha, chifukwa bambo anu anati tikawatumizire chithunzi tili pamwamba. Amati ukafika pamwamba umaona dziko lonse. Ife tinaona nkhungu, mvula yowaza, ndi malo oimikapo magalimoto. M'kabokosi kathu anatiikamo ndi mnyamata ndi mtsikana amene ankadyana milomo kuyambira pansi mpaka pamwamba, osaona n'komwe nkhunguyo. Agogo anu, mkulu wa mpingo, anayang'ana nsapato zawo ulendo wonse, ine mazira akundikumbutsa kuti alipo.

Titatsika ndi pamene mtima wanga unadumpha koyamba. Panali kasitima ka ana koyenda pang'onopang'ono mozungulira dimba la maluwa. Ndinangotembenuka kuti ndipukute magalasi, pobwezera maso agogo anu ali m'mbali mwa kanjanjiko, aimirira mowongoka, dzanja m'mwamba, akuimba mluzu ndi kukuwa kuti onse akwere, zitseko zitsekedwe. Anachita zonse mwadongosolo lake, ngati ali pa Limbe. Anthu anasonkhana. Anaomba m'manja! Ankayesa kuti ndi mmodzi wa azisudzo a chikondwerero cha zaluso chimene chinkachitika m'pakimo wikendi imeneyo. Mayi wina mpaka anafuna kujambulitsa nawo. Ine ndinamwetulira nawo, ndikuwakoka pang'onopang'ono. Ndinazindikira kuti malo amenewo ndi abwino kubisako wodwala, chifukwa aliyense kumeneko amachita ngati mutu sukuyenda.

Zalusozo zinali m'matenti kuseri kwa chigudumu. Tadala, iwe umakonda zimenezi, ndiye undimasulire. Chinsalu chachikulu chopakidwa utoto ngati nkhuku yaponda mu penti n'kuthamangapo, anthu ataima patsogolo pake, mitu itapendekeka, akung'ung'udza mwaulemu. Mphika wadothi wokhala ndi chibowo pansi, dala, wauika pa kabokosi koyera ndi nyali yakeyake. Amayi anga ankaumba mitsuko imene inkasunga madzi ozizira mwezi wa Okutobala, ndipo ukatuluka ndi mng'alu ankauphwanya anthu asanauone, kuopa manyazi. Uku chibowo ndiye luso. Panali munthu wodzipaka zoyera thupi lonse, waima osagwedezeka, anthu akumuponyera makobidi chifukwa chosachita kanthu. Panali ovina opanda ng'oma, akugubuduzika pansi mwakachetechete ngati m'mimba mwawapota. Ine ndinakulira kumene amuna akavina ngoma nthaka inkanjenjemera mpaka m'mano.

Mayi wina wa tsitsi lobiriwira anandiimitsa, nayamikira duku langa, nandifunsa kuti kamangidwe kake kamatanthauza chiyani pa chikhalidwe chathu. Ndinamuuza kuti kamatanthauza kuti sindinapese.

Komabe tsiku linali likuyenda. Agogo anu sanasochere, sanakwiye, chithunzi chinatumizidwa, bambo anu anayankha ndi kachala kokweza. Ndinayamba kudziuza kuti mayeso ndakhoza, kwangotsala kudya.

Lesitilanti inali pansi pa hotelo yomweyo, ukangotsika masitepe. Inali nyengo yotentha ya kuno, imene dzuwa limakana kulowa, ndiye kunja kunali kukadali mbee. Ndinawaveka agogo anu jekete ndi tayi, ine n'kulowa kubafa kukalimbana ndi katundu wa mayi anu. Diresi linakana kutseka, wigi inkapendekera mbali imodzi. Agogo anu, munthu wa sitima, kuchedwa amadana nako kuposa tchimo. Anagogoda.

"Nangozo, nthawi yakwana. Mundipeza."

Ndinasuzumira pakhomo, ndinawaona akutsika masitepe, mtsikana woperekera zakudya akuwalandira ndi kuwalozera tebulo. Ndinati palibe vuto. Ndinamaliza kudzipenta, ndinadziyang'ana pagalasi, ndinaona mayi wina amene sindikanamubwereka ngakhale mchere. Ndinaponya shawelo paphewa n'kutsika, nsapato zikundigwedeza ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene.

Agogo anu anali atakhala pa katebulo ka anthu awiri pafupi ndi windo, kandulo ikuyaka masanasana, manja ali pamaondo. Ndinakoka mpando wa patsogolo pawo n'kukhala. Anandiyang'ana mwaulemu.

"Pepani mayi, mpandowo uli ndi mwini wake. Akazi anga akubwera."

Ndinaseka. Ndinayesa kuti ndi nthabwala, ngakhale munthuyo sananenepo nthabwala chikwatiraneni.

"Ndine, bambo a Chifundo."

"Mayi, ine ndine mkulu wa mpingo. Chonde chokani, anthu angatione."

Ana inu, ndamvapo mawu opweteka pa moyo wanga, koma amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Anali asanandiiwalepo. Ketulo, njira, masiku, maina a inu nomwe, zonsezo ankaiwala, koma ine ayi. Ndinavula wigi ija pomwepo, pamaso pa azungu onse, n'kuiponya pansi pa tebulo. Ndinapukuta milomo ndi kansalu koyera ka patebulo. Sizinathandize. Tsopano ankaona mayi wachilendo wa imvi zophwatalala amene wavula tsitsi pagulu, ndipo anayamba kuchita mantha. Anakweza dzanja kuitana mtsikana uja, namuuza m'Chingerezi chawo chakale cha kunjanji kuti mayi uyu akundivutitsa, ndipo mkazi wanga wasowa, muitane apolisi. Anayamba kudzuka.

Nthawi yomweyo foni inayamba kulira m'kachikwama kanga. Ndinadziwa kuti ndi bambo anu, paja analonjeza kuti adzaimba pa vidiyo nthawi ya chakudya kuti atione tikusangalala. Ndinaisiya ilire. Koma ndinadziwanso kuti agogo anu akangotuluka pakhomo paja akukuwa dzina langa, a hotelo adzaimbira munthu amene anabukitsa chipinda, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Lolemba lake akanayamba kuwalongedzera zovala.

Ndinayang'ana tebulo lija ndipo ndinaona chimene chinalakwika. Si wigi yokha. Chikwatiraneni, ine ndi agogo anu tinali tisanakhalepo moyang'anizana pa chakudya. Kwathu bambo ankadya patebulo, ine ndi ana pamkeka kukhitchini. Ngakhale muno mu Maryhill, iwo amadya apo, ine ndimakhala chapambali ndi mbale yanga pamiyendo. Ndipo sanayambe agwirapo chakudya ndisanabwere ndi beseni ndi jagi, n'kugwada, n'kuwathirira madzi m'manja. Mkazi wokhala patsogolo pawo ngati mnzawo wa mu ofesi sakanakhala mkazi wawo.

Tadala, ndakuona wakwinya nkhope. Ndikudziwa zimene mumaphunzira ku yunivesite, ndipo mwina zina mukunena zoona. Ine sindinakuuzepo kuti ukagwadire wa ndolo uja, ndipo ukadzatero ndidzakudzutsa ndi chikoti. Koma usandiuze za moyo wanga ngati unaliko.

Patebulo panali jagi yagalasi ya madzi, muli ayezi ndi kachidutswa ka ndimu. Panalinso chimbale chachikulu choyera chimene anali atangobweretsa, pakati pake pali kanthu kakang'ono ngati ndowe ya mbuzi, kozunguliridwa ndi thovu. Chimenecho ndiye chinali chakudya choyamba. Ndinakankhira kanthuko m'kambale ka buledi. Ndinavula nsapato zija. Shawelo ndinaimanga m'chiuno ngati chitenje. Ndinatenga chimbalecho dzanja ili, jagi dzanja ili, ndinazungulira tebulo kufika kumanja kwawo, ndipo ndinagwada pa kapeti ya eni ake, maondo akulira ngati chitseko chakale.

"Sambani, bambo."

Sanandiyang'ane nkhope. Manja awo anangotuluka okha, monga amachitira masiku onse, n'kukhala pamwamba pa mbale. Ndinathira. Ayezi anagwera m'mbale, ndimu inawagwera pa chala. Anasamba bwinobwino, kuseri ndi kutsogolo, nakunkhumula madzi kunsonga za zala. Kenako anakhala pansi.

"Madzi ozizira chonchi bwanji lero, Nangozo? Ndipo munali kuti? Panabwera mayi wina wachabechabe pano."

"Wapita, bambo. Sabweranso."

Misozi inali ikutsika, ndipo sindinathe kuipukuta poti manja onse anali ndi katundu. Ndiye mukudziwa chimene anachita anthu a m'lesitilantimo? Ena anaombanso m'manja. Bambo wina anadzuka ndi foni kuti ajambule bwino. Ankayesa kuti chikondwerero chawo cha zaluso chalowa mpaka m'chipinda chodyera. Munthu mmodzi yekha ndi amene anaona zoona, mtsikana woperekera zakudya uja. Anaima pakati pa ine ndi foni ya bamboyo, nandilandira mbale ndi jagi, nandigwira m'khwapa kundidzutsa, poti ndekha sindikanatha. Anandinong'oneza kuti agogo ake aamuna nawonso ali choncho. Sanafunse chilichonse. Ananyamula mpando wanga n'kuuika chapambali, pamene ndinamulozera.

Za chakudyacho musandifunse. Mbale zinkabwera zambirimbiri, iliyonse yaikulu ngati lichero, pakati pali kanthu koti mwana wa mpheta sangakhute. Nyama inali yofiira m'kati, ikuchucha, moti kwathu akanaibwezera pamoto n'kumukalipira wophikayo. Mtsikana uja ankafotokoza dzina la kanthu kalikonse, dzina lalitali kuposa chakudyacho. Agogo anu anadya zonse mwaulemu, kenako anandiweramira n'kufunsa kuti nanga chakudya chenicheni chibwera nthawi yanji. Tinakakhuta kuchipinda ndi mtedza wa m'thumba la chikhothi. Wigi inatsala pansi pa tebulo, ndipo mayi anu mpaka lero amaganiza kuti inauluka pa chigudumu.

Mawa lake bambo anu anabwera kudzatitenga pagalimoto. Agogo anu anakhala kumbuyo, ndipo tisanafike pamsewu waukulu anali atagona. Bambo anu ankangondiyang'ana cham'mbali.

"Mami, dzulo simunayankhe foni. Zinayenda bwanji?"

Ndikanatha kunama, ndipo akanakhulupirira. Koma ine sindinama kwa mwana amene ndinamubereka ndekha. Ndinamuuza zonse, za kasitima, za mpando, za apolisi, za jagi.

"Ndiye mwaona nokha, Mami. Afika poti sakukudziwani inu. Tinagwirizana kuti zikavuta..."

"Zinavuta, ndipo ndinazikonza. Tandiuza iwe Chifundo, ku keya homu kwakoko, ndani adzawagwadire? Adzawapatsa kansalu konyowa ka m'pepala, iwo adzakana kudya, adzalemba kuti nkhalambayi ndi yovuta. Ine nyumba zimenezo ndikuzidziwa, iwe umangoziona pa kompyuta."

"Nanga maondo anuwo? Mukuyenda movutika kale. Tsiku limene adzakane kugwada, tidzatani?"

"Udzagwada ndiwe."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akuganiza kuti amayi ake akalamba. Koma galimoto inakhotera ku Maryhill, ndipo mawu akuti keya homu sanamvekenso m'nyumba muno.

Maondo anakana chaka chathachi, nthawi yozizira, muja anandichita opaleshoni. Inu munkangobwera ndi maluwa Loweruka n'kumapita, simunaone za pakati pa sabata. Tsiku loyamba nditatuluka m'chipatala, mayi anu anaphika, naika chakudya patebulo, nawatengera agogo anu kusinki. Anakana. Anawabweretsera beseni ataimirira, anatembenuzira nkhope kukhoma. Chakudya chinazizira, chamadzulonso chimodzimodzi, ine ndili pampando uwo ndi ndodo zanga, mwendo uli tantha, ndikungolira ndi ukali. Tsiku lachiwiri masana ndinamva kiyi pakhomo. Anali bambo anu, achokera ku ofesi, suti ndi chikwama cha kompyuta, baji ikulendewera pakhosi. Sanandipatse n'komwe moni. Analowa kukhitchini, ndinamva akutsegula mpopi, akudikira kuti madzi afunde. Anatuluka ndi beseni ndi jagi, nazungulira tebulo kufika kumanja, nakweza thalauzi pang'ono, nagwada, bambo wamkulu amene anthu amamuimirira akalowa mumsonkhano.

Manja a agogo anu anatuluka. Madzi akutsika, anamuyang'anitsitsa mwana wawoyo nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

"Nangozo, ndevuzi mwamera liti?"

Bambo anu anandiyang'ana, maso atafiira. Sanawakonze. Anangoweramitsa mutu n'kupitiriza kuthira.

"Sambani, bambo, chakudya chingazizire."